Wochita zisudzo amaleredwa ndi ndalama ya pakhomo

Du Chisiza Jr anamwalira pa 24 Febuluwale 1999 ali ndi zaka 35, kutangotsala milungu yochepa kuti Television Malawi iyambe kuonetsa zithunzi zake zoyamba. Ndiye kuti munthu amene dzina lake limabwerabe poyamba tikamakamba za zisudzo m'dziko muno anatchuka popanda kanema, popanda Facebook, popanda foni ya m'manja yomujambula. Wofuna kumuona ankasamba, kutchena, kupita ku holo, n'kutulutsa ndalama pakhomo. Ine ndikuti ndalama ya pakhomo imeneyo ndi imene inamulera Du. Kusowa kwake ndi kumene kwachititsa kuti kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu tikhale ndi achinyamata aluso ambirimbiri, koma osaona wokulira pansanja za konkuno n'kumadya za luso lakelo.

Du anabadwa mu Malichi 1963, bambo ake, a Dunduzu Chisiza, atamwalira kale pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962. Bambowo anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, munthu amene ambiri ankamuyang'ana ngati mmodzi mwa odzayendetsa chuma cha dziko likadzalandira ufulu. Mwanayo anakula ndi dzina lolemera, dzina limene m'zaka za chipani chimodzi anthu ankalitchula motsitsa mawu, makamaka mbale wa bambo ake, Yatuta, ataphedwa mu 1967 akulimbana ndi boma. Luso la Du linaonekera ali pasukulu ya HHI ku Blantyre, pamene sewero lake la The Deceased's Attack linapambana mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM mu 1982. Anapita kukaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, m'dziko la America, ndipo atabwerako anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987.

Chachilendo chimene Du anabweretsa si luso ayi. Luso linalipo kale. Ophunzira a ku Chancellor College anali akuyenda kale m'maboma ndi gulu lawo la Travelling Theatre, wailesi ya MBC inali ndi Sewero la Sabata Ino, Kapalepale ndi Pamajiga, ndipo a Kwathu anali atayamba kale kuseketsa anthu m'Chichewa. Koma ambiri mwa anthu amenewa anali ndi pena podyera: wina mphunzitsi, wina kalaliki, wina mwana wasukulu wodya za boma. Du ananena poyera kuti zisudzo ndi ntchito, yoti munthu n'kudzukira m'mawa, ndipo Wakhumbata imadziwika kuti ndi gulu loyamba m'Malawi muno kukhazikitsidwa pa maziko amenewo. Gulu lotere likachita lendi holo, lasindikiza mapositala, lalipira galimoto yonyamula anthu ndi katundu, ndiye kuti tsiku la seweroli mipando ikakhala yopanda anthu, ngongole ndi yake. Palibe bwana wina wodzaitseka.

Mantha a mipando yopanda anthu ndiwo anali mphunzitsi wamkulu. Du analemba masewero opitirira 20, ndipo munthu salemba chonchi chifukwa chongokonda cholembera. Amalemba chifukwa anthu amene analipira mwezi watha sangalipirenso kudzaona zomwezo. Pa nthawiyo lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse liyambe lapita ku Censorship Board lisanaonetsedwe, choncho wolemba ankayenera kudutsitsa nkhani yake pamaso pa a boma asanaifikitse kwa anthu, komabe ikafike ili ndi mano. Sewero likatchedwa Papa's Empire m'dziko limene munali munthu mmodzi yekha wotchedwa tate wa fuko, sipankafunika womasulira. Anthu ankalipira kuti akamve mu holo zimene sakanatha kunena m'basi.

Sindine wa iwo amene amamuyeretsa Du ngati mngelo. Mu 1993, chaka cha referendamu, anavomera kukhala nduna ya achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma lomwelo limene ambiri ankaganiza kuti masewero ake amalibaya. Ena mwa omutsatira anakhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa. Koma nkhaniyi imandiuza chinthu china: ngakhale katswiri woposa onse, nsanja yathu inalephera kumugwira pamene mpando wa unduna unamukodola. Patapita zaka 31 tinaonanso zofanana nazo, pamene a Michael Usi, amene dziko lonse linkawadziwa kuti Manganya, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024, malemu a Saulos Chilima atagonekedwa kwawo ku Nsipe. Anthu ena anayamba kuwatchula ndi ulemu tsiku limenelo, ngati kuti zaka zonse zimene anakhala akuseketsa ndi kuphunzitsa dziko anali pa tchuthi. Wochita zisudzo kwathu kuno timamuvulira chipewa akavula zovala za seweroli.

Du atapita, a Gertrude Kamkwatira anagwira Wakhumbata, kenako n'kuyambitsa gulu lawo la Wanna-Do, mpaka pamene anamwalira mu 2006. French Cultural Centre ku Blantyre, kumene magulu ambiri ankaonetsera masewero awo atsopano, inatsekedwa mu 2011 ndipo katundu wake anabedwa. A John Nyanga, Izeki uja, anatisiya mu 2016, ndipo a Eric Mabedi, mnzawo Jakobo, anatsatira mu 2021. Maliro aliwonse mwa amenewa tinamva mawu omwewo, oti mpata umene asiya sudzatsekeka. Funso limene silifunsidwa pamaliro n'lakuti, kodi wodzatseka mpatawo akuphunzirira kuti?

Pitani tsiku la msika pa Lizulu, pa Chimbiya kapena pa Kampepuza, mudzamuona. Lole ya bungwe yaima cha m'mbali, zokuzira mawu zikulira mpaka nkhuku zogulitsa zikuphiriphitha m'madengu. Achinyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi avala matisheti ofanana, olembedwa uthenga kumsana. Mmodzi wadzithira ufa kumutu kuti akhale gogo, wavala jekete long'ambika pachigongono, m'chiuno wamanga chingwe cha khonje m'malo mwa lamba. Wina wabisa pilo m'malaya kuti akhale bwana. Mnyamata wa ufa kumutuyo muyang'anitsitseni. Onani mmene akufufuzira kabotolo ka fodya wa mphuno m'matumba onse, n'kukapeza m'thumba lomwe anayambira. Dzanja likunjenjemera pang'ono pokha, osati monyanyira. Asanakhale pansi akuyamba wagwira bondo, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufunsa Chauta chimene anamulakwira. Amayi ogulitsa tomato aiwala kuwerenga chenje. Mwanayu ali nacho chinthu chimene sichigulidwa.

Ndiye zikatha mphindi khumi ndi zisanu, m'seweromo mumalowa mlangizi. Amaimirira pakati, manja kumbuyo, n'kulakatula uthenga wonse monga unalembedwera ku ofesi. Gogo uja, amene wakhala wouma mutu moyo wake wonse, amatembenuka mtima pomwepo: "Ndamva ndithu achimwene, kuyambira mawa ndikumba chimbudzi." Bwana wa bungwe ajambula zithunzi zitatu, makamaka mbali imene kuli anthu ambiri. Achinyamata aja asaina pa fomu, alandira Fanta ndi banzi, ndi kangachepe ka thiransipoti. Mwezi wamawa kudzabwera bungwe lina, gogo yemweyo adzakana katemera, kapena kulembetsa m'kaundula wa mavoti, kapena kubzala mitengo, ndipo adzatembenukanso mtima pakatha mphindi khumi ndi zisanu. Mnyamatayo adzafika zaka 30 akusewera gogo yemweyo.

Vuto si uthengawo. Chimbudzi n'chofunika, katemera n'ngofunika, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 magulu oterewa anafika m'midzi imene nyuzipepala sifika. Vuto n'lakuti wochita sewero amasewerera amene wamulipira. Pamsika paja wolipira si mayi wa tomato, koma bwana wa kamera, ndipo chimene bwanayo akufuna si sewero labwino, akufuna lipoti lonena kuti uthenga wafika kwa anthu akutiakuti. Sewero likakhala lozizira, mayi wa tomato amangobwerera pa benchi lake, sanataye kanthu. Gulu lija lilandirabe zake. Palibe amene adzalifuulire kuti, "Bwezani ndalama zathu!" Mawu amenewa ndi owawa, koma gulu limene silinawaopepo silidziwa chifukwa chake liyenera kubwereza pulakatisi kachisanu ndi chiwiri, kapena kudula chigawo chimene anthu ayamba kuyasamula.

Palinso china chimene ndalama ya bungwe imachotsa m'sewero, chimene ndi kukayika. Munthu weniweni satembenuka mtima chifukwa mlangizi walankhula. Amakana, amanama, amavomera pamaso n'kukachita zomwezo kuseri, nthawi zina amakhala kuti ndiye akukhoza ndipo mlangizi ndiye walakwa. Wochita zisudzo amakula posewera munthu wotereyu, amene oonera sakudziwa kuti amukonde kapena adane naye. Koma bungwe silingalipire sewero limene anthu angachoke akutsutsana, chifukwa lipoti lake lingalembedwe bwanji? Mu Disembala 2011 apolisi anakamugwira Thlupego Chisiza, mwana wa Du, ali pakati pa sewero lake la Semo ku Blantyre. Sindikufunira mwana wa munthu aliyense unyolo, koma onani kuti boma silinayambe lathamangitsapo apolisi kukaimitsa sewero la kusamba m'manja. Sewero limene amphamvu amaliopa ndi lomwe lilibe mwini wina koma olilemba ndi oonera.

Wina anditsutsa ndi Tikuferanji, ndipo ali ndi mfundo. Sewero limeneli linkathandizidwa ndi bungwe la ADRA, linali la uthenga wa Edzi kuyambira dzina lake lomwe, komabe linatulutsa Manganya. Zimachitika ya a Story Workshop nayonso inayenda ndi ndalama za mabungwe, ndipo anthu ankaimvera ngati nkhani ya a neba awo. Koma taonani kusiyana kwake. Masewero amenewa anapatsidwa zaka, sabata ndi sabata, ndipo munthu wa m'seweromo anali ndi nthawi yokula, yolakwa, yobwerera ku zoipa zake. Omvera anali ndi mphamvu yotseka wailesi, ndipo olemba ankadziwa zimenezo. Manganya sanakondedwe chifukwa chomvera alangizi. Anakondedwa chifukwa cha mwano wake, kuchenjera kwake kopusa, ndi mafunso ake amene munthu wakhalidwe sangafunse pagulu. Kumeneko ndalama ya bungwe inalipira nthawi, wosewera n'kuigwiritsa ntchito. Pamsika pathu ndalamayo imalipira mphindi khumi ndi zisanu ndi chithunzi.

Wina adzati anthu a kuno ndi osauka, sangalipire sewero. Mu Januwale ndi Febuluwale, zoona, palibe amene angasiye kugula ufa kuti akaone Izeki wa mawa. Koma chaka sichikhala Febuluwale yekhayekha. Mbatata ya kachewere ikayamba kutuluka ku Bembeke ndi ku Tsangano, nyemba ndi kabichi zikadzaza m'mbali mwa msewu, ndalama imayenda m'manja mwa anthu. Loweruka madzulo zipinda za vidiyo zimadzaza, anyamata atalipira pakhomo kuti aonere Arsenal, ena atakhalira njerwa. Paukwati, perekaniperekani amatha maola atatu, ndipo woyendetsa mwambo ndi wa zoimbira salandira Fanta ndi banzi, amatchula mtengo wawo mwezi usanakwane. Woimba wa nyimbo zauzimu akabwera kuchokera ku Lilongwe, matikiti amagulidwa. Anthu omwewa ndi amene tikuti sangalipire sewero. Zoona zake n'zakuti tinawaphunzitsa kwa zaka zoposa makumi awiri kuti dirama ndi chinthu chobwera pa lole, chaulere, ndipo nthawi zina chimabwera ndi chitenje chogawa. Mlimi wa pa Lizulu atakhala kuti chaka chilichonse amagawa mbatata yake ulere chifukwa pali mzungu amene amamulipira kuseri, tsiku limene mzunguyo wachoka ndani angavomere kugula ndowa?

Komanso tisadzinyoze ngati anthu osadziwa kuonera. Sindikunena kuti gule wamkulu ndi sewero, eni mwambo angandikwiyire ndipo angakhoze. Koma munthu wokulira m'dera limene gule amatuluka amadziwa kuwerenga khalidwe poona mayendedwe okha, asanamve liwu. Ku Mua, m'nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare pa KuNgoni, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, muli nkhope za gule mazanamazana, iliyonse ndi khalidwe lake, nyimbo yake ndi chimene imadzudzula. Ku Ntcheu, Angoni a kwa Gomani akasonkhana pa Nkolimbo, aliyense amaona yekha wovina ngoma amene phazi lake likulankhula ndi amene akungotsatira anzake. Ndipo pabwalo, wovina bwino amasupidwa. Anthu amatuluka pagulu ndi ndalama m'manja, osakakamizidwa, ndipo wovina mwaulesi amabwerera chimanjamanja. Kulipira luso si mwambo wobwera ndi Du kuchokera ku Philadelphia. Tinali nawo kale, tangolephera kuulowetsa mu holo.

Za mafilimu ndiye zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa kumeneko n'kumene achinyamata athu onse aloza maso. Tiyeni tiwerengere pamodzi. A Shemu Joyah, amene ntchito yawo yeniyeni ndi yoyeza malo, anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017. Awa ndi ena mwa mafilimu amene anatengera dzina la Malawi kunja. Ngakhale wosewera atakhala ndi mwayi wotenga mbali mu onse atatu, ndiye kuti walembedwa ntchito katatu pa zaka pafupifupi khumi. Pakatipo adya chiyani? Filimu ikangotuluka, sabata yomweyo imapezeka kwa obena nyimbo pa boma, akuiika m'mamemore a anthu pa mtengo wa mandasi, ndipo pa ndalama imeneyo wosewera saonapo tambala. Nyumba yoonetsera mafilimu kuno kulibe. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ilipo kuyambira 1992, lamulo latsopano la umwini wa zaluso linabwera mu 2016, koma mnyamata wa kompyuta m'kachipinda ka pafupi ndi depoti amagwirabe ntchito yake masanasana.

Amene akuchita bwino m'mafilimu, mukafufuza, ambiri anadutsira pansanja. A Joyce Mhango Chavula, amene filimu yawo ya Lilongwe inapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016, anayambira m'zisudzo ndipo anali ndi gulu lawo la Rising Choreos asanagwire kamera. Si kuti nsanja ndi kamera n'zofanana. Pansanja umakweza mawu kuti wa kumpando wotsiriza amve, pamene kamera imafuna kuti uphethire kamodzi kokha n'kukhala chete. Tonse taonapo mafilimu a kwathu amene munthu akukalipira mnzake amene ali naye pa sofa limodzi ngati akuitana ng'ombe kudambo. Zimenezo zimaphunzirika pa milungu ingapo. Chimene sichiphunzirika msanga ndi kusunga munthu mmodzi m'thupi mwako kwa maola awiri osamugwetsa, kuloweza mawu, kumvetsera mnzako m'malo mongodikira kuti amalize, kudziwa pamene oonera agwira mpweya. Zimenezi zimabwera pobwereza sewero limodzi maulendo makumi awiri pamaso pa anthu osiyanasiyana, ndipo palibe kamera imene ingakupatse maulendo amenewo.

Pamene filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka mu 2019, tinaseka ndi kudandaula ndi Chichewa cha m'kamwa mwa alendo. Inajambulidwa ku Kasungu, nkhani yake ndi ya William Kamkwamba, koma mbali ya William inapita kwa mnyamata wa ku Kenya, Maxwell Simba, ya bambo ake anatenga mwini filimu Chiwetel Ejiofor, ndipo pa mbali zikuluzikulu za m'banjamo Mmalawi anali Lily Banda. Kudandaula kwathu kunali koyenera. Komabe tidzifunse moona mtima: munthu atabwera mawa pa Dedza boma kudzafuna mwana wa zaka 13 wozolowera kugwira ntchito ya zisudzo tsiku ndi tsiku kwa miyezi, wosunga nthawi, woloweza masamba makumi angapo, tingamulozere gulu liti? Ana aluso alipo m'kalasi iliyonse, kuyambira ku Mayani mpaka ku Bilila. Malo owapsetsa ndiwo palibe.

Sukulu zikanakhala malo amenewo, ndipo mbali ina zilidi choncho, poti Du mwiniwake anatulukira mu ATEM. Koma ATEM ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ndipo mpikisano wake cholinga chake choyamba n'chilankhulocho. Mwana wa ku Lobi amene kunyumba amatsanzira a mfumu mpaka agogo ake kugwa ndi phwete, akakwera pansanja ya mpikisano amauma ngati mtengo, mtima wonse uli pa katchulidwe ka mawu. Amene wapambana nthawi zambiri ndi wa lilime lofewa, osati wa thupi lolankhula. Akalemba mayeso a Fomu 4, zonse zathera pomwepo. Chikho chimatsala mu ofesi ya ahedi, mwanayo amapita kukayendetsa kabaza kapena kuwoloka malire kukafuna maganyu. Du ankalemba m'Chingerezi chifukwa oonera ake ambiri anali a m'tauni. Amene akufuna kudzaza holo ku Ntcheu aphunzire kwa a Kwathu, amene anaonetsa kwa zaka zambiri kuti sewero la m'Chichewa limagulitsa matikiti mpaka anthu kuimirira m'mbali mwa khoma.

Nanga timavidiyo ta pafoni? Ndimationera, tina timandiseketsa. Koma kavidiyo ka mphindi imodzi kamaphunzitsa munthu kukwinya nkhope ndi kugwa pansi, ndipo akatchuka, amene amabwera ndi ndalama ndi wa malonda wofuna kutsatsa sopo kapena kubetcha. Tabwereranso pa lole paja, bwana yekha ndiye wasintha.

Chimene chikusowa si nyumba yapamwamba ya zisudzo yoti tidikire boma lidzamange. Maholo alipo: a khonsolo, a masukulu a sekondale, a maparishi ndi a mipingo ina. Ambiri amakhala otseka Lamulungu masana, mkati muli mipando younjikidwa ndi ndowe za mileme. Chimene chimalepheretsa gulu la achinyamata kulowamo n'chakuti mwini holo amafuna lendi yonse patsogolo, pa mtengo womwewo umene amatchulira a ukwati. Gulu limene chuma chake chonse ndi mawigi awiri ndi nsalu ya bedi yotchingira kumbuyo silingakwanitse. Mwini holo atavomera kugawana ndalama ya pakhomo, iye n'kutengapo gawo lake zitatha, sataya kanthu chifukwa holoyo ikanakhala yotseka. Ndipo popeza naye ali ndi gawo, adzalengeza yekha m'tchalitchi kapena pa asembule. Tsiku loyamba kudzabwera anthu makumi atatu, theka lawo abale a osewera. Gululo lidzachita manyazi, ndipo manyazi amenewo ndi chiyambi cha sewero lachiwiri labwinoko.

Mabungwe nawo, ngati alidi ndi mtima wokweza luso monga amalembera m'mapepala awo, alipire holoyo kwa chaka, kapena agule theka la matikiti a ana asukulu, koma cholembera achisiye m'manja mwa olemba. Anthu a zaluso analirira khonsolo yawoyawo ndi thumba la ndalama za boma kwa zaka zambiri, ndipo zinali zoyenera. Koma ndalama iliyonse yobwera kuchokera kumwamba ili ndi fomu yake ndi mwini wake. Iyenera kukhala yothandizira ya pakhomo, osati yolowa m'malo mwake.

Tilinso ndi mwayi umene maboma ena alibe, ndipo timangouyang'ana ukudutsa. Gulu lililonse lochokera ku Blantyre kupita kukaonetsa ku Lilongwe limadutsa pa msewu wa M1, pa Ntcheu boma, pa Lizulu, pa Dedza. Limaima, inde, koma kugula kabichi ndi karoti. Likanakhala lotsimikiza kuti Lachisanu masana pa Ntcheu kapena pa Dedza pali holo ndi anthu olipira, mafuta a ulendowo akanatuluka pomwepo, ndipo mnyamata wa ufa kumutu uja akanaona koyamba m'moyo wake sewero la maola awiri lopanda mlangizi. Ambiri mwa achinyamata amene akuchita dirama m'maboma athuwa sanaonepo sewero lotere ndi maso awo. Tikuwayembekezera kuti aphike chakudya chimene sanalawepo.

Pomwe pamavuta kwenikweni ndi pakhomo penipenipo. Aliyense amene anayesapo kukonza chionetsero cholipiritsa kuno akudziwa mmene zimakhalira. Wa patebulo la matikiti amakhala mtsikana wamng'ono ndi kabuku ka malisiti. Amafika a khansala, sangalipire, ndi alendo olemekezeka. Amafika akuluakulu a m'maofesi a pa boma ndi mabanja awo, akuti anaitanidwa. Aphunzitsi alowa chifukwa holo ndi ya sukulu yawo, wapolisi walowa kudzaona za chitetezo ndipo wabwera ndi mlamu wake, a komiti ya tchalitchi alowa chifukwa makiyi amasunga ndiwo. Mizere itatu yakutsogolo yadzaza ndi anthu a malipiro a pamwezi, onse olowa ulere, ena akuyembekezeranso botolo la madzi. Amene walipira ndi wogulitsa mandasi ndi mnyamata wa kabaza, ndipo aimirira kumbuyo. Madzulo gulu likawerenga ndalama za m'mbale, sizikukwana ngakhale kulipira amene anabwereketsa jenereta, ndipo mlendo wolemekezeka uja, m'mawu ake otsekera, walimbikitsa achinyamata kuti apitirize kugwiritsa ntchito luso lawo.